Mphunzitsi wa mawa ndi manambala: chifukwa chiyani masamu a sitandade 1 si ophweka

Pali funso lomwe limamveka kawirikawiri kuno ku Mzuzu, makamaka kwa makolo omwe ana awo alowa koleji ya uphunzitsi. Amati kodi munthu woti MSCE anakhoza, masamu a fomu 4 analemba, akufunikanso kuphunzira chani zaka ziwiri zonse kuti akauze mwana wa sitandade 1 kuti 2 kuwonkhetsa 3 ndi 5? Funsoli ndi lomveka ndithu, koma ine ndikuona kuti vuto lalikulu la masamu m'masukulu mwathu lagona pomwepa. Kupeza ansa n'kosiyana ndi kudziwa chifukwa chake njirayo imagwira ntchito, ndipo mphunzitsi wa ana ang'onoang'ono amafunika kudziwa chifukwacho kuposa akauntanti kapena injiniya, poti iwowa amangogwiritsa ntchito manambala pomwe iye ayenera kuwamanga m'mutu mwa mwana yemwe sanawaonepo.

Tiyambe kaye ndi komwe tachokera. Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale ana anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'kanthawi kochepa, nde boma linalemba aphunzitsi pafupifupi 20,000 omwe ambiri sanapiteko ku koleji, anangowapatsa maphunziro a masabata ochepa n'kuwatumiza m'makalasi. Kenako kunabwera pulogalamu ya MIITEP yowaphunzitsa ali pa ntchito, kenako IPTE, maphunziro a zaka ziwiri a aphunzitsi a pulayimale. IPTE poyamba inali chaka chimodzi ku koleji chaka china ku sukulu, koma itasinthidwa mu 2017 inakhala materemu awiri ku koleji, awiri ku TP, komwe ndi kukayeserera kuphunzitsa ku sukulu, awiri omaliza kubwereranso ku koleji. Ana athu a kumpoto kuno ambiri amapita ku Karonga TTC, ku Rumphi, ku Loudon uko ku Embangweni kapena ku DAPP ya ku Mzimba, ndipo achinyamata ena sadziwa n'komwe kuti pamene pali Mzuni ku Luwinga paja kale panali koleji ya aphunzitsi a pulayimale isanasanduke yunivesite yomwe inalandira ophunzira oyamba mu 1999. Chofunika kukumbukira n'chakuti mphunzitsi wa pulayimale amaphunzitsa maphunziro onse, Chichewa, Chingerezi, sayansi, ulimi, masamu, ndiye nthawi ya masamu pa zaka ziwirizi ndi yochepa zedi, ndipo ambiri mwa omwe amalowa koleji anaphunzitsidwa ndi aphunzitsi omwe nawonso anangoloweza njira. Mayeso a SACMEQ a 2007, oyerekeza ana a sitandade 6 a m'maiko a kumwera ndi kum'mawa kwa Africa, anaika Malawi m'gulu la maiko a pansi kwambiri pa masamu kuchigawo chino cha Africa.

Tsopano nkhani yeniyeni. Tengani nambala 52. Ife akulu timaiona n'kudziwa pompo, koma taganizani zomwe zabisala m'menemo. 5 uja si zisanu, ndi mitolo isanu ya zinthu khumi khumi, ndipo akutanthauza zimenezo chifukwa cha malo omwe wakhala basi, mukamusuntha kupita kumanja wasanduka zisanu wamba. Zizindikiro zilipo khumi zokha, 0 mpaka 9, koma ndi zomwezo timalemba ndalama zonse za bajeti ya boma. Izi ndi zomwe amati place value, mawani, mateni, mahandiredi, ndipo masamu onse a pulayimale, kuwonkhetsa, kuchotsa, kuchulukitsa, kugawa, madesimo, akhazikika pamenepa.

Anthu sanabadwe akudziwa zimenezi ayi. Ku Ishango, pafupi ndi nyanja ya Edward m'dziko la DR Congo, kunapezeka fupa mu 1950 lokhala ndi timizere togoba m'magulumagulu, la zaka pafupifupi 20,000, kusonyeza kuti makolo athu a mu Africa ankawerenga kalekale, koma kamzere kamodzi kankaimira chinthu chimodzi. Aroma anabwera ndi zilembo zawo zija ana amaphunzira ku pulayimale, I, V, X, L, C, ndipo X ndi khumi kulikonse komwe wakhala, palibe ziro, tayesani kuchulukitsa XLVII ndi XIX papepala muone mmene mutu uwawire. Aku Babulo ankawerenga m'magulu a 60, n'chifukwa chake mpaka lero ola lili ndi maminitsi 60. Njira yathuyi inachokera ku India, kumene Brahmagupta mu chaka cha 628 analemba malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka ziro ngati nambala payokha, kenako al-Khwarizmi ku Baghdad anaifotokoza cha m'ma 825, ndipo ku Ulaya Fibonacci anailimbikitsa mu 1202 koma zinatengabe zaka mazana kuti amalonda akumeneko asiye zilembo za Chiroma. Nde chinthu chomwe chinatengera anthu anzeru zaka zochuluka chonchi ife timafuna mwana wa zaka 6 kapena 7 achimvetse pomafika kumapeto kwa sitandade 2. N'zotheka ndithu, ana amatha, koma pokhapokha womuphunzitsayo akudziwa kuti akupereka chinthu chachikulu.

Kwathu kuno kulinso nkhani ya ziyankhulo yomwe mphunzitsi wa mawa sangaithawe. M'Chichewa timawerenga mpaka zisanu kenako timayamba kumanga, zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, mpaka khumi, kenako makumi awiri, makumi atatu ndi zinayi. Chitumbuka chimachitanso chimodzimodzi, vinkhonde na chimoza. Kawerengedwe kameneka kali ndi ubwino wake waukulu womwe timaunyalanyaza, chifukwa mwana akati makumi atatu ndi zinayi watchula kale kuti mitolo ya khumi ilipo itatu ndipo zapadera zilipo zinayi, place value yonse ili pakamwa. Pomwe Chingerezi chili ndi eleven ndi twelve omwe sakuuza mwana chilichonse, komanso fourteen amayamba kutchula 4 pomwe polemba timayamba ndi 1, nde musadabwe mwana akalemba 41. Koma mbali inayi pamsika wa Zigwagwa kapena pokwera kabaza palibe amanena kuti mazana asanu, tonse timati faifi handiredi, thu sauzande, ndiye mwana wa ku Chibavi kapena Mchengautuwa amabwera ku sukulu ali ndi Chitumbuka kapena Chitonga cha kunyumba, Chichewa cha kosewera, manambala a Chingerezi a ku golosale, zonse m'mutu umodzi. Malamulo a chiyankhulo chophunzitsira nawonso akhala akusinthasintha, mu 1996 kunatuluka lamulo loti sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo, kenako lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi patsogolo. Mphunzitsi wokonzekera bwino amagwiritsa ntchito zonsezi, amanena 34 m'Chingerezi, n'kunenanso makumi atatu ndi zinayi, n'kuonetsa mitolo itatu ndi timitengo tinayi, kuti mwana aone kuti zonsezi ndi chinthu chimodzi.

Apa ndipomwe pamabwera chinthu chomwe ophunzira uphunzitsi ambiri amadana nacho akakumana nacho, kuwerenga mu base ina, monga base 5. M'maiko ambiri maphunziro a aphunzitsi a pulayimale amakhala ndi gawo limeneli ndipo ophunzira amadandaula kuti izi sitikaphunzitsa ana, tikuvutikiranji. Zoona sakaphunzitsa ana a sitandade 2, cholinga chake n'china. Munthu wamkulu manambala a khumi anawazolowera kwambiri moti saonanso pomwe pali povuta, ndiye njira yomuthandiza kuona ndi kumuchotsera chizolowezicho. Mu base 5 mtolo umamangidwa timitengo tikakwana tisanu, zizindikiro ndi 0, 1, 2, 3, 4 basi, ukafika pa zisanu umalemba 10 kutanthauza mtolo umodzi ndi zapadera palibe. Timitengo 23 timapanga mitolo inayi ndi totsala titatu, nde umalemba 43. Tsopano muuzeni munthu wa MSCE awonkhetse 34 ndi 13 mu base 5. 4 ndi 3 ndi zisanu ndi ziwiri, ndiye kuti mtolo umodzi watsopano ndi ziwiri zapadera, alembe 2 asunge 1. Mitolo 3 ndi 1 ndi wosungidwa uja yakwana isanu, ndiye imangidwe kukhala chimtolo chachikulu cha 25, mitolo yaing'ono yotsala palibe, ansa ndi 102. Mukaona ophunzira akuchita zimenezi koyamba mumapeza wina akuwerenga zala pansi pa desiki, wina walemba 47 chifukwa dzanja lathamanga, wina wasokonezeka kuti ziro walowa bwanji pakati. Ndi mmene mwana wa sitandade 2 amamvera tsiku lililonse ndi manambala athu wamba. Amene wadutsamo m'menemu amasiya kukalipira mwana wowerenga zala, ndipo koposa apo amazindikira kuti kusunga 1 kuja si lamulo lochokera kumwamba, ndi kumanga mtolo basi, ndipo khumi tinangosankha mwina chifukwa cha zala zathu. Foni yomwe mukuwerengerapo iyi imagwiritsa ntchito base 2, ziro ndi wani zokha, 13 mkatimo ndi 1101, mfundo yake ndi yomweyo.

Agogo athu ankazidziwa bwino izi ngakhale osazitchula dzina. Kwacha isanabwere mu 1971 ndalama zinali mapaundi, mashileni ndi mapeni, mapeni 12 kupanga shileni, mashileni 20 kupanga paundi. Munthu wogulitsa m'sitolo akawonkhetsa mashileni 7 ndi mapeni 9 ndi mashileni 5 ndi mapeni 6 ankadziwa kuti mapeni 15 ndi shileni imodzi ndi mapeni 3, zonse pamodzi mashileni 13 mapeni 3, amasunga pa 12 osati pa 10. Lero zatsalira pa nthawi. Funsani mwana kuti basi yanyamuka 1:45 yayenda maminitsi 30, yafika nthawi yanji, ambiri alemba 1:75, ndipo mphunzitsi yemwe amamvetsa za mitolo amadziwa msanga kuti mwanayo wawonkhetsa bwinobwino, chomwe sakudziwa n'chakuti apa mtolo umamangidwa pa 60.

Ndipo ntchito yaikulu ya mphunzitsi ndi imeneyi, kuwerenga zolakwa za ana. Mwana akalemba kuti 52 kuchotsa 27 ndi 35, si kuti wangolota. Waona 2 ndi 7 n'kuchotsa yaing'ono pa yaikulu kupeza 5, waona 5 ndi 2 kupeza 3, ndipo mwina anauzidwa sitandade 1 kuti sungachotse chachikulu pa chaching'ono nde akungomvera. Mphunzitsi wongoloweza amathetha ndi cholembera chofiira n'kubwereza mokweza kuti bwereka 1, mwana n'kuloweza, mawa waiwala. Wophunzitsidwa bwino amatenga mitolo isanu ndi timitengo tiwiri n'kumuuza mwana kuti ndipatse 27. Mwana yekha amaona kuti tiwiri sitikukwana, amamasula mtolo umodzi, tsopano ali ndi mitolo inayi ndi timitengo 12, ndipo chofunika kwambiri n'chakuti aone kuti zinthu zikadali 52, palibe chabwerekedwa kwa munthu, zangosintha kamangidwe. Pa 302 kuchotsa 158 ndipomwe ngakhale akuluakulu ambiri amakakamira mukawafunsa kuti 9 uja amachokera kuti. Amachokera apa, mateni palibe, nde umamasula handiredi imodzi kukhala mateni khumi, n'kumasulanso teni imodzi kukhala mawani, watsala ndi mahandiredi 2, mateni 9, mawani 12, ansa 144. Wina akauzidwa kulemba wani handiredi faifi amalemba 1005 chifukwa walemba zomwe wamva, 100 kenako 5. Pochulukitsa 36 ndi 24 timauza ana kuti mzere wachiwiri yambani ndi ziro kapena siyani malo, koma ndi angati amauzidwa kuti n'chifukwa choti 2 uja ndi 20, nde 144 ndi 720 kupanga 864? Kumtunda kuno ku sitandade 5 ndi 6 vuto lomwelo limatulukiranso pa madesimo, mwana amati 0.25 ndi yaikulu kuposa 0.3 poti 25 imaposa 3.

Akatswiri a maphunziro anaiona kale nkhaniyi. Lee Shulman wa ku America mu 1986 ananena kuti pali chidziwitso chapadera chomwe mphunzitsi amafunika, chosiyana ndi kungodziwa phunzirolo komanso chosiyana ndi luso loyendetsa kalasi, ndicho kudziwa mmene phunzirolo limalowera m'mutu mwa wophunzira ndi pomwe limakonda kukakamira. Liping Ma mu kafukufuku yemwe anatuluka mu 1999 anayerekeza mayankho a aphunzitsi a pulayimale aku America ndi aku China omwe anafunsidwa kuti apeke kankhani kogwirizana ndi 1¾ kugawa ndi ½, ndipo ambiri aku America analephera ngakhale anali ndi zaka zambiri za sukulu, pomwe ambiri aku China anatha. Tayesani nanunso. Ambirife timathamangira kunena kuti anthu awiri akugawana buledi mmodzi ndi makota atatu, koma kumeneko ndi kugawa ndi 2, osati ndi theka. Kankhani kolondola ndi aka, mayi ali ndi shuga wokwana kilo imodzi ndi makota atatu akufuna kupakira timapaketi ta theka la kilo, apeza tingati? Titatu ndi theka la paketi. Ansa yakula kuposa nambala yomwe tinayamba nayo ndipo mwana yemwe anauzidwa kuti kugawa kumachepetsa nthawi zonse amadabwa, nde mphunzitsi ayenera kukhala ndi yankho loposa lija loti tembenuza uchulukitse. Kuno kwathu a Mercy Kazima, pulofesa wa ku University of Malawi ku Zomba, ndi anzawo agwirapo ntchito ndi yunivesite ya Stavanger ya ku Norway pa nkhani yomweyi ya masamu omwe aphunzitsi athu amafunika, kuphatikizapo kugwira ntchito ndi malekichala a m'ma TTC.

Za zipangizo sindikhalitsapo chifukwa aliyense wodutsa ku koleji amaidziwa TALULAR, kuphunzitsa ndi zomwe zilipo pafupi, timitengo, nyemba, miyala, zitsekerero za mabotolo, abakasi ya waya ndi dongo, bokosi la place value la katoni. Zonsezi n'zabwino ndipo sizilira ndalama. Chomwe chimandidetsa nkhawa n'chakuti nthawi zambiri zimapangidwa zokongola kuti lekichala akabwera kudzaona TP apereke malikisi, zikatero zimakakhala pakona. Komanso chipangizo pachokha sichiphunzitsa. Ngati mphunzitsi wanyamula mitolo kutsogolo ana 100 akungoyang'ana, kenako n'kutembenukira pa bolodi kulemba njira yoloweza ija osalumikiza ziwirizi, mwana amatenga kuti timitengo ndi masewera, masamu enieni ndi a choko. Pamafunika kuti dzanja lomwe lamasula mtolo likhale lomwelo lodula 5 n'kulemba 4, nthawi yomweyo, mwana akuona, kenako ajambule yekha, kenako asiye timitengo akakhwima. M'kalasi ya ana ochuluka, ena atakhala pansi pa simenti yozizira ya mwezi wa June kuno ku Mzuzu, izi zimatheka pokhapokha mwana aliyense akabwera ndi kamtolo kake kuchokera kunyumba ndipo akhala m'magulu, ndipo mphunzitsi anayeserapo kale kuyendetsa zimenezi asanamalize koleji. National Numeracy Programme yomwe unduna wa maphunziro wabweretsa m'makalasi a m'munsi ikukankhira mbali yomweyi, kuti ana azimvetsa manambala osati kungoimba, koma buku labwino likafika m'manja mwa munthu yemwe iye mwini sadziwa komwe 9 uja wachokera limasandukanso nyimbo yoloweza.

Palinso mantha. Ambiri olowa uphunzitsi wa pulayimale masamu ankawaopa ku sekondale, ena anamenyedwapo chifukwa cha matebulo, ndipo munthu woopa amagwiritsitsa njira imodzi yomwe akuidziwa, mwana akabwera ndi njira ina yolondola, monga kuchotsa 27 pa 52 powerenga chokwera kuti 27 kufika 30 ndi 3, kufika 52 ndi 22, zonse 25, mmene amachitira mayi wobweza chenji pamsika, amamuuza kuti si mmene ndinakuphunzitsira. Mwana uja amaphunzirapo kuti nzeru zake sizikufunika m'kalasi ya masamu, ndipo atsikana ambiri amayambira pomwepa kunena kuti masamu ndi a anyamata. Nde koleji ili ndi ntchito ziwiri pa nthawi yochepa ija, kuchotsa manthawo ndi kumanganso masamu a munthuyo kuyambira pansi. Ine ndimaona kuti lekichala yemwe watha sabata yonse pa nambala za pakati pa 1 ndi 100, kufunsa kuti chifukwa chani, tandionetsa ndi timitengo, nanga mwana akalemba chonchi waganiza bwanji, wathandiza kwambiri kuposa yemwe wathamanga kumaliza silabasi.

Ndipo akamaliza koleji nkhani imapitirira ku sukulu komwe atumizidwa. Chizolowezi m'masukulu ambiri n'chakuti aphunzitsi odziwa masamu amaikidwa sitandade 7 ndi 8 chifukwa zotsatira za PSLCE ndi zomwe makolo ndi akuluakulu amayang'ana, pomwe sitandade 1 ndi 2 amapatsidwa aliyense amene watsala, kaya wa TP kaya wongofika kumene. Koma mwana wolephera long division ku sitandade 6 kawirikawiri vuto lake linayambira pa mitolo ya khumi zaka zinayi zapitazo, ndipo wa sitandade 8 sangalikonze ndi makalasi a m'mawa kapena a holide. Ahedi ndi a PEA, alangizi aja a masukulu a pulayimale, atati aziika mmodzi mwa aphunzitsi awo amphamvu pa masamu ku sitandade 2, ndipo wa TP azikhala naye m'kalasi momwemo materemu awiri aja akuona mmene amafunsira ana komanso mmene amawerengera makope, wophunzirayo angabwerere ku koleji ndi zolakwa zenizeni za ana m'manja zoti akakambirane ndi malekichala m'materemu awiri omaliza.